Chilonda cha mlongo wanga ku Israel sichikupola, kodi katemera wake alipo?

Nabanda:
Moni nonse abale. Pepani ndalemba usiku chonchi, tulo tandithawa. Mlongo wanga wamng'ono anapita ku Israel ndi achinyamata aja okagwira ntchito m'minda, ali kumwera kuchipululu uko, amathyola tsabola ndi tomato. Mwezi wa Okutobala anandiuza kuti patuluka kachiphuphu pakhosi m'munsi mwa khutu, kosawawa kosatani, ine ndinangoti zisiye zitha zokha. Pano miyezi itatu yakwana, dzulo wanditumizira chithunzi ine mtima kungoti myuu. Chatseguka pakati ngati kadzenje, m'mphepete monse mwatukuka ngati mlomo wa mbale, kukula kwake ngati K10 yachitsulo ija, pamwamba pali nkhanambo yoti akaichotsa mawa yabwereranso. Wapaka mafuta osiyanasiyana, wamwa makapisozi a mnzake mpaka kumaliza, palibe chasintha. Anzake aku Thailand omwe akhalitsa kumeneko akumuuza kuti ndi leishmania. Amayi kumudzi ayamba kale zoti wina wamuponyera chifukwa cha ndalama zomwe akutumiza. Ndithandizeni, matenda amenewa ndi otani? Nanga bwanji sanawabaye katemera wake asananyamuke, poti akudziwa kuti kumeneko aliko?

Madalitso ku Arava:
Achemwali musadandaule kwambiri, ndi zomwezo anenazo. Eni ake kuno amati Shoshanat Yericho, ndiye kuti duwa la ku Yeriko. Ine chinandigwira pamkono chaka changa choyamba, chinatha miyezi 7 kuti chitseke, chipsera ndili nacho mpaka pano, chonyezimira ngati ndinapsa ndi moto. Tomwe timaluma ndi tintchentche ting'onoting'ono kwambiri, tocheperako kuposa udzudzu, ndipo sitilira m'khutu ayi, umangozindikira patapita masabata. Timayamba dzuwa likangolowa, makamaka nthawi yotentha ija timagona mawindo otsegula kapena kukhala panja osavala shati. Muuzeni apite kuchipatala cha khungu, asiye zomwa mankhwala a anzake.

Nabanda:
Zikomo achimwene, mwanditsitsako mtima. Koma miyezi 7 shuwa?

Bambo Mwale:
Mayi Nabanda pepani ndi nkhawayi. Ine ndine clinical officer, ndinagwirako ntchito zaka ziwiri kummawa kwa Sudan, chigawo cha Gedaref, ndiye matendawa ndinawaona ndi maso anga ngakhale kuti kumeneko wofala ndi mtundu wina woopsa kuposa uwu.

Choyamba auzeni amayi kuti palibe wamuponyera. Kachilombo kake dzina lake Leishmania, sikali m'gulu la mabakiteriya, nchifukwa chake makapisozi aja sakugwira, kali m'gulu la tizilombo tangati ta malungo. Mitundu yake yodwalitsa anthu imaposa 20. Kamalowa m'thupi kantchentche kakakazi kotchedwa sandfly kakaluma munthu pofuna magazi oti kaikire mazira. Kumene kuli mlongo wanuko mtundu wofala ndi Leishmania major, ndipo nkhokwe yake ndi mbewa zonenepa za m'chipululu zomwe zimakumba mauna m'mbali mwa minda, kantchentche kamakhala mu una momwemo, kaluma mbewa kenako kaluma munthu. Sangapatsire mnzake pogwirana kapena kudyera mbale imodzi.

Wa L. major nthawi zambiri amapola yekha pakatha miyezi ingapo, ena mpaka chaka, koma amasiya chipsera chosatha. Poti chili pakhosi pafupi ndi nkhope asadikire. Akapala pang'ono m'mphepete mwa chilondacho nkuyeza, akatsimikiza ali ndi njira zingapo, mafuta a paromomycin opaka, kuumitsa malowo ndi liquid nitrogen, kuwotcha ndi makina, kapena kubaya mankhwala m'mphepete mwa chilonda momwemo.

Za katemera, yankho ndi lowawa koma ndi ili: palibe dziko lililonse lomwe lili ndi katemera wovomerezeka wa anthu wa matenda amenewa. Sikuti anamumana. WHO imati chaka chilichonse anthu pakati pa 700,000 ndi 1 miliyoni amadwala, koma katemera kulibe. Wa agalu ndiye alipo, ku Ulaya amabaya agalu katemera wotchedwa LetiFend.

Yamikani wa ku Jozi:
Imani kaye bambo. Agalu ali ndi katemera anthu alibe?? Izi zandipweteka mtima

Bambo Mwale:
Nanenso zinandipweteka tsiku limene ndinamva. Galu wa ku Spain mwini wake ali ndi ndalama yogulira, pamene mwana wa ku Gedaref kapena ku Kabul bambo ake alibe. Kampani imayang'ana wogula. Komanso kunena mwachilungamo, malamulo ovomerezera katemera wa ziweto ndi opepukirapo kusiyana ndi wa anthu, ndipo kumeneko agalu ndi amene amasunga kachilomboka ndiye kuwabaya kumatetezakonso anthu pang'ono. Koma muzu wake ndi umphawi basi.

Thoko wa ku labu:
Ndilowepo pang'ono, ine ndikuphunzira za labu ndipo nkhani imeneyi ndinaikonda kwambiri chaka chatha. Chomwe chimandisowetsa mtendere nchakuti matendawa ndi amodzi mwa omwe katemera wake akuyenera kutheka ndithu. Munthu akadwala wa pakhungu nkuchira, nthawi zambiri sadwalanso mtundu womwewo moyo wake wonse. Thupi limaphunzira. Malungo timadwala chaka ndi chaka koma awa ayi, achimwene Madalitso aja mwina athana nazo kale.

Ndipo makolo akale ku Middle East anazindikira zimenezi kalekale labu kulibe. Ankatenga mafinya a pachilonda cha wodwala nkutemera mwana pamalo obisika ngati pathako kapena pantchafu, ena ankangovula mwana thako kuti tintchentche timulume pamenepo, cholinga chilonda chituluke pobisika chisadzatuluke pankhope, makamaka kwa ana aakazi. Pambuyo pake madokotala anayamba kuweta kachilomboko mu labu nkumabaya anthu kamoyo, amati leishmanization. Soviet Union inachita, Israel inachita, ndipo Iran nthawi ya nkhondo yake ndi Iraq m'ma 1980 inabaya anthu oposa miliyoni, asilikali ndi anthu wamba. Zinkateteza ndithu, mpaka lero palibe njira ina yomwe yaposa imeneyo. Koma anasiya chifukwa ena chilonda cha katemerayo chinkakana kupola, kumatha zaka, komanso mphamvu ya kachilombo kowetedwako inkasiyanasiyana botolo ndi botolo, ndiye kutabwera HIV zinaonekeratu kuti kubaya kachilombo kamoyo munthu yemwe chitetezo chake chatsika ndi kuika moyo pachiswe.

Agogo a Takondwa:
Mwana wanga Thoko, zimene wafotokozazi zandikumbutsa kutali. Ife a zaka zathu tonse tili ndi chipsera cha nthomba paphewa. Anabwera kusukulu ndi kasingano ka mano awiri, kukubayabaya pakhungu, patapita masiku pamatuluka chithuza, kenako chilonda, kenako nkhanambo nkugwa. Amayi anga ankatiletsa kukanda, amati chikapanda kutuluka ndiye kuti katemera sanagwire. Tinkalola kachilonda kamodzi kuti tipewe nthomba ya thupi lonse, ndipo taonani nthomba inatheratu padziko, 1980 analengeza. Ndiye makolo a ku Middle East aja sanali opusa ayi, nzeru yake ndi yomweyo.

Thoko wa ku labu:
Eya agogo, ndi yomweyo ndendende. Ndiye zomwe akuyesa pano ndi kubwerera ku nzeru yakaleyo koma kuchotsa choopsa chake. Pali gulu la ofufuza, Abhay Satoskar wa ku Ohio State University, Hira Nakhasi wa ku FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku America, Greg Matlashewski wa ku McGill ku Canada ndi anzawo a ku Nagasaki ku Japan. Anatenga L. major yemweyo wa mlongo wa a Nabanda, nkugwiritsa ntchito luso lodulira majini lotchedwa CRISPR kuchotsa jini imodzi yotchedwa centrin. Popanda jini imeneyo kachilomboko kamakula bwinobwino mu botolo la labu, koma kakalowa m'thupi la nyama kamalephera kuswana, kamangokhala kanthawi kokwanira kuti chitetezo chikaone ndi kukaloweza, kenako kamatha osapanga chilonda. Analemba zotsatira zake mu 2020. Mbewa zomwe anazibaya zinatetezeka, ndipo ngakhale mbewa zopanda chitetezo chokwanira sizinadwale ndi katemerayo. Kampani ya Gennova ya ku Pune ku India ndi yomwe inatenga ntchito yomupanga mwa muyezo woti nkuyesedwa pa anthu.

Chomwe chinandisangalatsa ine ndi mmene anayesera. Makatemera ambiri am'mbuyomu ankaoneka ngati akugwira chifukwa mbewa ankazipatsa matenda ndi jakisoni. Koma atayesa kuti zilumidwe ndi sandfly weniweni, chitetezo chija chinagwa. Kantchentche kakamaluma sikangosiya kachilombo kokha, kamasiyanso malovu ake ndi zina za m'matumbo mwake, zimenezo zimaitana maselo ambirimbiri pamalopo ndipo kachilombo kamabisala momwemo. Uyu wa centrin anapirira ngakhale kulumidwa kwenikweni.

Nabanda:
Thoko ndikukutsatira koma pang'onopang'ono. Ngati thupi limaphunzira lokha, chavuta nchiyani zaka zonsezi? Korona uja sanathe nchaka chomwe katemera anapezeka

Thoko wa ku labu:
Anti, ndifotokoze chonchi. M'thupi muli maselo ena omwe ntchito yawo ndi kumeza tizilombo nkutigaya, ali ngati alonda. Leishmania amalola dala kumezedwa, akalowa mkati mwa mlondayo sagayika, amamanga nyumba momwemo nkumaswana mpaka selo kuphulika. Makatemera ambiri omwe timawadziwa amaphunzitsa thupi kupanga ma antibody, omwe amagwira mdani ali panja m'magazi. Nanga mdani ali m'mimba mwa mlonda amugwira bwanji? Pamafunika gulu lina la asilikali, ma T cell, oti abwere adzadzutse mlonda uja kuti aphe chomwe wameza. Kupanga katemera wodzutsa amenewo ndi kovuta zedi, ndi vuto lomwelo la TB. Anayesa kale katemera wa tizilombo takufa wosakaniza ndi BCG, katemera wa TB uja, ku Iran ndi ku Sudan, ku South America nakonso anayesa wa takufa, anali wosaopsa koma sanateteze mokwanira. Ndiye kuwonjezera apo ndalama za korona zinali mabiliyoni a madola nthawi imodzi, izi ofufuza amachita kupemphetsa.

Anesi Chikondi, Leeds:
Ndangotsika kumene ku night, ndawerenga zonse. Ndiwonjezere za kuno chifukwa York ndi pafupi, pa sitima sipatha ndi ola lomwe. Ku University of York kuli Pulofesa Paul Kaye, gulu lake linapanga katemera wina wotchedwa ChAd63-KH. Anatenga kachilombo ka chimfine cha anyani a chimpanzi kofooketsedwa, nkuikamo majini awiri a Leishmania. Mukukumbuka AstraZeneca amene tinabayitsa mu 2021? Kapangidwe kake nkofanana, galimoto yonyamulira ndi ya mtundu umodzi, katundu wake ndiye wosiyana. Anayamba kuyesa pa anthu athanzi kuno ku UK, kenako anapita ku Sudan mogwirizana ndi Institute of Endemic Diseases ya University of Khartoum, komwe kuli Pulofesa Ahmed Musa. Bambo Mwale mwina mukudziwa bwino mbali imeneyo.

Chinanso chomwe anachita konkuno, analemba mu 2024, anapeza anthu 14 odzipereka, athanzi, nkuwamangirira kachitini ka tintchentche todwala pamkono kuti tiwalume dala. Tintchentche take tinachokera ku Charles University ku Prague komwe amatiweta. Ambiri mwa iwo kachilonda kanatulukadi, madokotala nkukadula kadakali kakang'ono nkupitiriza kuwayang'anira. Cholinga nchoti mtsogolomu akafuna kudziwa ngati katemera akugwira, abaye anthu ochepa, awalumitse, pakatha miyezi yochepa yankho lapezeka, m'malo mobaya anthu masauzande kumudzi nkudikira zaka kuti aone amene alumidwe.

Yamikani wa ku Jozi:
Apa ndiye pamene ine ndimakanira. Kudwalitsa munthu dala? Lero ayamba ndi azungu 14 kuti tione ngati zili bwino, mawa akabwera ndi masauzande ndi ife akuda. Mwanena nokha kuti anathamangira ku Sudan. Bwanji nthawi zonse zoyesa zimathera kwa osauka? Sindikuyankhula zongomva m'minibasi ayi, ku Kano ku Nigeria mu 1996 kampani ya Pfizer inayesa mankhwala a Trovan pa ana nthawi ya mliri wa meningitis, ana 11 anamwalira, makolo anati sanauzidwe kuti ndi zoyesa, nkhani inakafika kukhoti mpaka kampani inalipira. Ku America komweko ku Tuskegee anasiya amuna akuda ndi chindoko osawapatsa mankhwala zaka 40 kuti azingoona mmene chikuwadyera. Ndiye mukandiuza kuti ndikhulupirire, ndikhulupirire chani? Mbuzi ikalumidwa ndi fisi imaopa ndi galu yemwe.

Anesi Chikondi, Leeds:
Achimwene Yamikani zomwe mwatchulazo zinachitikadi ndipo palibe angazikane. Mantha anuwo ali ndi pochokera.

Bambo Mwale:
Achimwene, ndikuyankheni ngati munthu amene ndinagona m'mawodi amenewo. Simunalakwe kukumbutsa za Kano. Koma ndikufuna muone chomwe chinawatengera ku Sudan.

Kumeneko kuli kala-azar, Leishmania wolowa mkati, m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mafuta a m'mafupa. Mwana amatentha thupi masabata, kuwonda, mimba kutupa, ndipo osalandira mankhwala pafupifupi onse amamwalira. Kumwera kwa Sudan, dera la Western Upper Nile, mliri wa pakati pa 1984 ndi 1994 unapha anthu pafupifupi 100,000 nkhondo ili mkati. Mankhwala omwe tinkapereka ndi majakisoni awiri tsiku lililonse kwa masiku 17, SSG ndi paromomycin. SSG ndi mankhwala akalekale a m'ma 1940, amawotcha polowa ndipo amatha kusokoneza mtima. Pofika sabata yachiwiri matako a mwana amakhala atalimba ngati thabwa, umachita kufufuza ndi chala pofewa poti ubaye, ana ankayamba kulira akangomva phokoso la thireyi ya majakisoni pakhomo.

Ndiye wachira, wapita kwawo. Pakatha miyezi ingapo pafupifupi theka la iwo amatuluka zotupatupa pakhungu, zimayambira kuzungulira pakamwa, kukwera kumaso, kutsikira pachifuwa ndi m'mikono. Amati PKDL. Ambiri zimatha zokha, koma ena zimakakamira kupitirira miyezi 6, chaka, zaka. Ndimakumbukira kamtsikana kena ka zaka ngati 9, kanabwera ndi agogo ake katadziphimba nsalu kungosiya maso, nditakapempha kuti kavundukule nkhope yonse inali timabulu tothinana ngati khungu la chule, mpaka m'zikope. Kanali katasiya sukulu chifukwa anzake ankati ndi khate. Kuti kachire kanayenera kugonanso m'chipatala pafupifupi miyezi iwiri kakubayidwa SSG yemwe uja tsiku ndi tsiku, agogo ake kusiya munda nthawi yokolola mapira. Ndipo m'timabulu timeneto muli tizilombo tamoyo, sandfly akaluma pamenepo amakapatsira wina kala-azar.

Anthu ngati kamtsikana kameneko ndi amene ofufuza a ku Khartoum ndi York ankafuna kuthandiza, kuti mwina jakisoni mmodzi wa katemera angadzutse chitetezo khungu nkuyera popanda miyezi iwiri ya SSG. PKDL ku York kulibe, ungakayese pa ndani kumeneko? Anachitira ku Doka, ku Gedaref komweko, pachipatala cha kafukufuku chotchedwa dzina la Pulofesa El-Hassan, ndipo otsogolera pamalopo anali madokotala a ku Sudan eni ake.

Yamikani wa ku Jozi:
Nde zinatha bwanji, anachira?

Bambo Mwale:
Kafukufuku woyamba wa anthu ochepa, zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anaonetsa kuti katemerayo ndi wosaopsa ndipo ena khungu linasintha ndithu, anthu tinali ndi chiyembekezo. Koma poti PKDL imatha kutha yokha, sungadziwe ngati ndi katemera kapena ndi nthawi chabe. Ndiye anachita wachiwiri, ena kulandira katemera ena jakisoni wa madzi amchere, wodwala osadziwa dokotala osadziwa. Zotsatira zinatuluka mu 2024: panalibe kusiyana kwenikweni. Jakisoni mmodzi uja sanachiritse PKDL. Anazilemba poyera momwemo osabisa. Ine tsiku limene ndinawerenga ndinakhala chete nthawi yaitali, nkhope ya kamtsikana kaja inali m'maso mwanga. Ndiye kuyambira Epulo 2023 dzikolo lili pankhondo, Khartoum komwe kunali ma labu awo ndi komwe kunayambira kuwomberana.

Thoko wa ku labu:
Koma bambo tisaiwale kuti kuchiza munthu amene wadwala kale zaka ndi kuteteza amene sanadwale ndi mafunso awiri osiyana. Kulephera pa loyamba sikunayankhe lachiwiri. Nchifukwa chake zolumitsa anthu dala za a Chikondi zija zili zofunika, ndi njira yachangu yodziwira kuti pa makatemera omwe ali pamzerewa ndi uti woyenera kuthirapo ndalama zochepa zomwe zilipozo.

Yamikani wa ku Jozi:
Zoti analemba poyera kuti zakanika ndazilemekeza. Koma funso langa likadalipo. Tinene kuti tsiku lina wapezeka wogwira. Ana a ku Doka omwe anapereka mikono yawo adzakhala oyamba kulandira? Kapena adzayamba ndi asilikali a ku America ndi alendo okaona malo, ife nkumadikira zotsala ngati mmene zinalili ndi korona, mpaka kutitumizira makatemera otsala masabata ochepa kuti athe ntchito, tinawotcha pafupifupi 20,000 ku Lilongwe mu Meyi 2021 aja

Anesi Chikondi, Leeds:
Funso limenelo ndiye lenileni, ndipo ndi loyenera kufunsidwa kafukufuku asanayambe, lilembedwe mu mgwirizano, osati atatha. Koma ndikukumbutseni kuti sizinakhale choncho nthawi zonse. Katemera wa typhoid anamuyesa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, anagwira bwino, ndipo mu 2023 ana a dziko lonse la Malawi analandira. Wa malungo RTS,S ana a ku Lilongwe anali nawo mu kafukufuku wake, ndipo Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kuyamba kumupereka kusikelo, Epulo 2019. Ameneyo anatenga zaka zoposa 30 kuchokera pomwe anamupanga koyamba. Zolowetsa tizilombo dala nazonso si zachilendo kwathu, ku Blantyre ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anathira tizilombo ta chibayo m'mphuno mwa akuluakulu odzipereka pofuna kuona mphamvu ya katemera wa chibayo. Zonsezi zimayenera kudutsa kaye ku makomiti athu ounika kafukufuku, COMREC kapena NHSRC, ndi a PMRA oyang'anira mankhwala. Munthu amawerengeredwa pepala m'Chichewa, ali ndi ufulu wokana, ali ndi ufulu wosiya pakati osataya chithandizo chake. Pomwe ine ndimagwirizana nanu ndi pa ndalama ya thiransipoti ija amapereka, kwa munthu amene kunyumba kulibe ufa ndalama imeneyo imatha kumulankhulira, ndiye kuvomera kwake sikukhala kwa mtima wonse. Pamenepo mpofunika maso.

Mayi a Pempho:
Ine ndimangowerenga chete koma ndilankhuleko za chipsera, chifukwa mwina ena akuganiza kuti poti wa pakhungu sapha ndiye ndi nkhani yaing'ono. Ine ndinapsa ndi phala patsaya ndili ndi zaka 4. Ndakula nacho, ndakwatiwa nacho, ndine mayi wa ana atatu, koma mpaka lero pojambulitsa ndimatembenuzira nkhope mbali imodzi osaganiza nkomwe. Kusukulu dzina langa lenileni linaiwalika. Ndiye ndikamva kuti ku Afghanistan ndi ku Syria ana masauzande amatuluka zilonda zimenezi pamphuno ndi pamasaya, poti nkhope ndi yomwe imakhala pamtunda akagona, ndikudziwa chomwe akukumana nacho. Makolo aja ankatemera ana awo pathako ndikuwamvetsa bwino kwambiri. Ine atandiuza kuti tikulumitse pamkono, udzakhala ndi kachipsera kakang'ono, koma zithandiza kuti ana asamaonongeke nkhope, ndikhoza kupereka mkono wanga lero lomwe.

Agogo a Takondwa:
Mayi a Pempho mwayankhula za mumtima. Ambuye akudalitseni.

Yamikani wa ku Jozi:
Mayi pepani, sindinaganizeko mbali imeneyo. Ine mkono wanga sindinganame kuti ndingapereke, koma ndakumvani.

Bambo Mwale:
Ku Syria dzina lake lakale ndi chilonda cha ku Aleppo, ndipo nkhondo itagumula nyumba ndi kuunjika zinyalala, anthu nkumagona m'misasa, matendawa anachuluka koopsa mpaka kufalikira kumisasa ya othawa ku Lebanon ndi Turkey. Kuno ku Africa musaone ngati ndi kutali kwambiri. Ku Ethiopia kumapiri aliko, mtundu wake L. aethiopica ndi wokanika kupola ndipo nkhokwe yake ndi mbira za m'miyala zomwe zija timaziona m'mapiri mwathu. Ku Kenya aliko cha ku Gilgil ndi ku phiri la Elgon. Ndipo chomwe ndikufuna anzanga a m'zipatala za kwathu amve ndi ichi: achinyamata athu ayamba kubwerako ku Israel, ena amapita ku mayiko a Aluya. Munthu akabwera ndi chilonda chosawawa, chotukuka m'mphepete, chomwe chakana ma antibiotic miyezi iwiri itatu, tisamangothamangira kuti ndi shuga kapena khansa kapena kumuyeza magazi kachitatu. Timufunse kuti munali kuti chaka chathachi. Kachilomboka kamatha kukhala miyezi kasanaonekere, munthu atha kutsika ndege ku KIA ali bwinobwino chilonda nkudzatulukira ku Mchinji.

Madalitso ku Arava:
Bambo Mwale zoona, mnzathu wina chinamutulukira ali ku holide kwawo. Kwa anzanga amene muli kuno kapena mukubwera, poti katemera kulibe: neti wamba tintchentche timeneti timadutsa m'mabowo ake, pezani ya mabowo ang'ono komanso yonyikidwa m'mankhwala. Timauluka motsika ndipo mphepo imatisokoneza, ndiye fani usiku imathandiza kwambiri, ndipo ngati pali bedi lam'mwamba gonani pamenepo osati matiresi pansi. Madzulo valani malaya a manja aatali ngakhale kukutentha, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu m'khosi ndi m'mapazi. Ine palibe anandiuza zimenezi ponyamuka, anatiuza za mabomba ndi kothawira siren ikalira basi.

Nabanda:
Abale ndabweranso. Ndinamutumizira zonse zomwe munalemba, poyamba amakana kuti akajomba tsiku amudula malipiro, ndinachita kumuopseza kuti ndiwauza amayi amuimbire okha. Lachiwiri anapita, anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Be'er Sheva. Akuti anamupala m'mphepete ndi kampeni, magazi pang'ono, ndipo dokotala atangoona anati waona zambiri zotere chaka chino. Zotsatira zatuluka lero, ndi L. major yemwe munanena Bambo Mwale. Amupatsa mafuta opaka kawiri patsiku, akuti chiyamba chafiira ndi kunyeka kaye asadabwe, abwererenso pakatha masabata atatu akaone ngati pakufunika kuumitsa. Anapezanso kena kakang'ono kuseri kwa chigongono komwe iye samakaona nkomwe.

Amayi ndawaimbira ndawafotokozera za mbewa ndi tintchentche, anakhala chete kenako akuti ndiye mbewa za kumeneko asamadye. Ndalama yomwe anasunga yoti apite nayo kwa asing'anga agwirizana nazo zoti tigulire neti. Achimwene Madalitso ndilembereni ku inbox dzina la neti ya mabowo ang'ono ija ndi komwe munagula, m'chipinda mwawo amagona anyamata 6 ndipo awiri angofika kumene mwezi watha.

Madalitso ku Arava:
Ndakutumizirani achemwali. Muwauze atenge 6 zonse, Lachisanu ndikupita mtauni ndikhoza kuwagulira ndikawapatsire driver wa basi ya kwawoko.